Funsani za Umoyo: chidendene, zala, zikhadabo ndi mavuto ena a mapazi

Ulendo uno mafunso ambiri amene mwatumiza ndi okhudza mapazi, nde ndaona kuti ndingowaika pamodzi. Ena ndawafupikitsa poti anali aatali, ndipo mayina sindinalembe. Koma ndineneretu kuti ine pano phazi lanulo sindikuliona, ndikungowerenga zimene mwalemba, choncho pomwe ndanena kuti pitani kuchipatala chonde pitanidi.

FUNSO: Adokotala, ine ndi mayi wa zaka 44 ndipo ntchito yanga ndi yoimirira tsiku lonse. Papita miyezi chidendene chakumanja chikundibaya koopsa mmawa ndikangotsika pabedi, moti ndikaponda koyamba ndimachita kugwira khoma, koma ndikayendayenda pang'ono zimachepa, nde ndikakhala pansi nthawi yaitali nkudzukanso zimayambiranso. Anzanga akuti mwamera kafupa mkatimo, ena akuti ndi nyamakazi. Kodi nchiyani chimenechi, chimatha koma?

YANKHO: Mayi, chimatha, musataye mtima. Mmene mwafotokozeramu zikumveka kuti ndi vuto limene kuchipatala timalitcha plantar fasciitis, ndipo kuti mulimvetse bwino ndiyambe kaye ndakuuzani mmene phazi linapangidwira, poti zithandizanso pa mafunso ena ali mmunsimu.

Phazi limodzi lili ndi mafupa 26, onse awiri 52, kutanthauza kuti pa mafupa 206 a munthu wamkulu pafupifupi limodzi mwa anayi alionse lili kumapazi. Kumbuyo ndi pakati kuli mafupa 7, lalikulu mwa onsewo ndi la chidendene, kenako pali 5 aataliko olunjika kuzala, nkudzabwera 14 a m'zala momwemo, chala chachikulu chili ndi 2 pomwe zinazo zili ndi 3 chilichonse. Molumikizana mafupa muli 33, ndipo minofu ndi mitsempha yomanga zonsezi imapitirira 100. Tsono mafupawa sanangoyalidwa pansi ayi, anapindika ngati uta, nchifukwa chake mukaponda pouma ndi phazi lonyowa mumaona kuti mbali yamkati pakatipo sipadinda. Chingwe cha utawo ndi mtsempha wolimba wotambalala umene uli kunsi kwa phazi, wochokera pafupa la chidendene kukathera m'tsinde mwa zala, umenewo ndiye plantar fascia. Mukaponda, thupi lonse limatsikira pamenepo, mtsemphawo umakokeka nkubwerera, tsiku lonse zomwezo. Ukalemedwa mopitirira, kaya chifukwa choima nthawi yaitali pamalo olimba, kaya thupi lawonjezeka, kaya nsapato zatha kunsi, kapena akatumba ndi omangika, umayamba kung'ambikang'ambika pang'onopang'ono pomwe wagwira fupa la chidendene paja, pomwe mukuti pakubayapo.

Nanga bwanji mmawa? Usiku phazi limagona zala zitaloza pansi, mtsemphawo umafupika uku ukuyesa kupola, nde mukangoponda koyamba mwaukoka mwadzidzidzi. Ukatenthedwa ndi kuyenda umafewako, nchifukwa chake zimachepa.

Za kafupa zija, nzoona kuti anthu ena akajambulidwa X-ray pamaoneka kafupa kosongoka pansi pa chidendene, koma ambiri amene ali nako samva ululu uliwonse, ndipo amene amachira amachira kafupako kali pompo. Ndiye musalole kuti maganizo anu onse akhale pa kuchotsa kafupa.

Chochita nachi. Musanatsike pabedi khalani tsonga, sanjikani phazi lodwalalo pabondo la mwendo winawo, gwirani zala zonse nkuzikokera mmwamba cha kumsongolo mpaka mumve kunsi kwa phazi kukukokeka, werengani mpaka 10, siyani, bwerezani ka 10. Masana gwirani khoma ndi manja awiri, mwendo wodwalawo uli kumbuyo, bondo lowongoka, chidendene chisadzuke pansi, weramirani kutsogolo kwa masekondi 30, zimenezi zimamasula katumba pamodzi ndi mtsempha waukulu wa kumbuyo kwa chidendene uja, wa Achilles, umene ukakhala womangika umakokanso kunsi kwa phazi. Madzulo mukaweruka gubuduzani botolo la madzi ozizira kwambiri ndi phazilo kwa mphindi 10 kapena 15. Nsapato zikhale zofewa mkati, zachidendene chokwera pang'ono chabe, osati zija zopyapyala zoti mwala uliwonse mukuumva, ndipo olo mnyumba musamayende chopanda nsapato pa simenti panopa. Ibuprofen amathandiza kwa masiku ochepa, koma ngati muli ndi zilonda zam'mimba, vuto la impso kapena ndinu oyembekezera musamwe musanafunse.

Chovuta pa matendawa nchakuti amachedwa, ndipo ambiri amasiya zolimbitsa thupizi pakangotha sabata ziwiri nkumati sizikugwira. Zimagwira, koma zimatenga miyezi, anthu 9 mwa 10 alionse amapeza bwino isanathe miyezi 10 ndi njira zapafupi zomwezi. Jakisoni wa steroid, mankhwala ochepetsa kutupa, alipo, amachotsa ululu kwa kanthawi, koma kubayitsa mobwerezabwereza kumafooketsa mtsemphawo mpaka utha kuduka, ine sindimufulumirira. Pitani kuchipatala msanga ngati chidendene chatupa nkutentha, ngati chikupweteka usiku mutangogona, ngati kukubwera dzanzi, kapena ngati zinayamba mutagwa kapena mutalumpha kuchokera pamwamba.

FUNSO: Adokotala thandizeni. Pakati pa zala zanga zakuphazi makamaka kakang'onoko ndi chinzake pamayera, pamasupuka nkumanyerenyetsa zoopsa, pena mpaka kung'ambika. Kuwonjeza apo fungo ndiye losanena, ndikafika kwa anthu ndimachita manyazi kuvula nsapato olo ndimasamba daily. Ndinagula kakirimu kena kamene mnzanga anandiuza, masiku oyamba zinaleka koma pano zabweranso kuposa kale. Ndine mnyamata wa zaka 23.

YANKHO: Achimwene, limenelo ndi linyetsu, ndipo si nkhani yoti ndinu auve ayi. Amayambitsa ndi mafangasi, a mtundu womwewo umene umayambitsa zipere, ndipo amakonda malo ofunda, onyowa, opanda mpweya. Pakati pa chala chachinayi ndi chachisanu ndi pothinana kuposa pena paliponse, nde mpomwe amayambira. Mumawatenga poponda mubafa mosamba anthu ambiri, pobwerekana thaulo, masokosi kapena nsapato.

Kakirimu kajako tayang'anani pachubupo. Ngati palembedwa betamethasone, clobetasol kapena hydrocortisone yekha, ameneyo ndi steroid, amazimitsa kunyerenyetsa koma mafangasiwo sawapha, mmalo mwake amawapatsa mpata woswana, nchifukwa chake zabweranso mwamphamvu. Musiyeni. Kufamase kafunseni clotrimazole kapena miconazole, muzipaka kawiri patsiku kwa sabata 4, kapena terbinafine amene amatenga sabata imodzi kapena ziwiri. Pakani mpaka nthawi yonse ithe olo khungu lioneke ngati lapola, poti ambiri amalekera panjira pomwepa nde zimangobwerabwera.

Koma mankhwala okha sangakwanitse ngati phazi likungokhala lonyowa. Mukasamba tengani kansalu kakekake nkupukuta mpata uliwonse wa zala, umodziumodzi, mpaka pauma. Masokosi sinthani tsiku lililonse, ngati mumatuluka thukuta kwambiri kawiri. Nsapato imodzimodziyo musamaivale masiku awiri otsatizana ngati mungathe, ipatseni tsiku lonse iume. Povala yambani masokosi kenako kabudula wamkati, kuopa kunyamula mafangasi kuchokera kuphazi kupita nawo m'mphechepeche.

Fungolo ndi nkhani ina koma gwero lake ndi lomwelo. Kunsi kwa phazi kumatuluka thukuta lambiri, thukuta palokha silinunkha, amene amanunkhitsa ndi mabakiteriya amene amadya thukutalo ndi khungu lakufa. Mukaumitsa mapazi ndi nsapato fungo limachepa lokha. Mukaona timaenje ting'onoting'ono tambirimbiri kunsi kwa phazi khungu lili loyererako, amenewo ndi mabakiteriya ndithu ndipo amafuna mankhwala opaka ena, kaonetseni. Chikhadabo chikayamba kukhuthala, kusanduka chachikasu nkumanyenyeka, mafangasi alowa mmenemo, zopaka sizifikamo bwino, pamafunika mapilitsi a terbinafine kwa miyezi pafupifupi 3 ndipo amenewo akulembereni ndi adokotala chifukwa amakhudza chiwindi. Ndipo phazi likatupa, kufiira, kutentha, inu nkumamva malungo m'thupi, musadikire, tizilombo tina talowera pong'ambikapo.

FUNSO: Mwana wanga wamkazi wa zaka 16 chikhadabo cha chala chachikulu chikumalowa mumnofu, patupa ndipo pakutuluka timafinya. Amachidula ndi lezala mmbalimo koma chikamera chimabayanso. Tichizule?

YANKHO: Musachizule nokha mayi, ndipo lezalayo ndi amene akukulitsa vuto. Akamadula pakona mozama chonchi pamatsala kachisonga kobisika mkati, chikhadabo chikamakula kachisongako ndi kamene kamaboola mnofu. Zikhadabo za kuphazi zimadulidwa mowongoka chopingasa, makona aziwoneka ali pamwamba pa khungu, osazungulira ngati za kumanja, komanso osafupikitsa kwambiri. Muonenso nsapato zake, pa msinkhu umenewu phazi limakhala litakula nsapato zili zomwe zija, chala chachikulu nkumapanikizika kutsogolo. Payenera kutsala mpata wokwana chala chachikulu chakumanja chopingasa pakati pa chala chachitali ndi kumapeto kwa nsapato.

Zikakhala kuti zangoyamba kumene, kuviika phazi m'madzi ofunda a mchere pang'ono kwa mphindi 15, kawiri kapena katatu patsiku, nkupukuta bwino nkumavala zotsegula kutsogolo kumathandiza. Koma inu mwati mafinya ayamba ndipo zikubwerezabwereza, nde apa mupite naye kuchipatala. Amabaya jakisoni wochititsa dzanzi pachalapo, nkuchotsa kachigawo kakang'ono ka mmbali kokha, ndipo nthawi zambiri amapaka mankhwala otchedwa phenol pamuzu wa mbali imeneyo kuti isadzamerenso. Si opaleshoni yaikulu, amabwerako tsiku lomwelo. Kuzula chonse kulibe phindu kwenikweni, chikhadabo cha kuphazi chimatenga miyezi 12 mpaka 18 kuti chimere chonse ndipo kawirikawiri chimadzabayanso pomwe paja.

FUNSO: Adokotala, bambo anga ali ndi zaka 63 ndipo akhala ndi matenda a shuga kwa zaka zambiri. Sabata yatha mayi anapeza magazi pa sokosi yawo pochapa, titayang'ana tinapeza kachilonda kunsi kwa chala chachikulu, iwo samadziwa nkomwe kuti kalipo. Akuti sikakupweteka nde palibe chifukwa chopitira kuchipatala, tikungowaviika m'madzi otentha a mchere madzulo. Komanso amadandaula kuti usiku mapazi amatentha ndi kuchita dzanzi. Tikuchita bwino kapena?

YANKHO: Achimwene, pa mafunso onse a ulendo uno lanuli ndi limene landidetsa nkhawa, ndipo ndikupemphani kuti bambo apite kuchipatala lero kapena mawa mmawa, osati sabata yamawa. Kusapwetekako ndiye kuopsa kwakeko. Amene alemba za chidendene pamwambapa akuvutika, inde, koma phazi lawo likuwauza kuti pali vuto. La bambo lasiya kuwauza.

Shuga akakhala wokwera kwa zaka zambiri amawononga minyewa yotumiza uthenga, ndipo imayamba kufa ndi yaitali kwambiri, imene imakafika kuzala za kuphazi. Poyamba munthu amamva kutentha, kubayabaya, dzanzi makamaka usiku, kenako amasiya kumva. Kamwala kalowa munsapato, iye ayenda nako tsiku lonse osadziwa. Nsapato yatsopano yamutulutsa thuza, thuzalo laphulika, iye akupondabe. Shuga yemweyo amachepetsanso njira za magazi opita kumapazi, ndipo amafooketsa chitetezo cha thupi, nde muli ndi bala losamveka, magazi ochiritsa akufika ochepa, tizilombo tikuswana momasuka. Kachilonda kooneka kakang'ono pamwamba katha kukhala kakuya mpaka pafupa. Anthu ambiri a shuga amene anadulidwa chala kapena mwendo zinayamba ndi kachilonda konga kameneka, ndipo zambiri mwa izo zikanapeweka akanafulumira.

Madzi otenthawo siyani lero lomwe. Bambo sangamve kuti awotcha, mutha kuwawaula khungu inu mukuti mukuthandiza, komanso kuviika kumafewetsa khungu nkutsegulira tizilombo njira. Tsukani pachilondapo ndi madzi aukhondo, phimbani ndi bandeji yoyera youma, musathirepo mankhwala ena alionse ongomva kwa anthu, ndipo asapondere phazi limenelo kufikira ataonedwa. Kuchipatala akachotsa khungu lakufa lozungulira chilondacho, akaona kuya kwake, akagwira kugunda kwa magazi pamwamba pa phazi ndi kuseri kwa kakolo wamkati, ndipo ali ndi kaulusi kolimba kodina ndi mphamvu ya magalamu 10 kamene amagunditsa kunsi kwa phazi munthu atatsinzina kuti aone pomwe sakumva. Akafuna adzapereka maantibayotiki. Koma chachikulu chimene chimapoletsa chilonda cha kunsi kwa phazi ndi kusachiponda, nde akakupatsani nsapato yapadera, ndodo kapena pulasitala, bambo asakane. Mukaona kufiira kukufalikira, fungo, mafinya, chala chikuda kapena kuzizira, kapena thupi latentha, imeneyo ndi ngozi, olo pakati pausiku nyamukani. Chimodzimodzi phazi likangotupa nkutentha kuposa linzake popanda chilonda, kwa munthu wa shuga zimenezo zitha kukhala kuti mafupa akuphwanyika mkati iye osamva.

Chilondachi chikapola ntchito siinathe. Tsiku lililonse madzulo wina aziwayang'ana mapazi powala bwino, pamwamba, kunsi, kuchidendene, nkutsegula zala chimodzichimodzi, ngati ali okha agwiritse ntchito kalilole. Asanavale nsapato aziigwedeza nkupisamo dzanja mpaka kutsogolo, kufufuza kamwala, kamsomali kapena pomwe pasosoka. Asayende chopanda nsapato olo mnyumba. Madzi osamba aziyesa ndi chigongono osati ndi phazi. Asayandikize mapazi kumoto kapena kubotolo la madzi otentha pofuna kufunditsa, avale masokosi basi, ndipo akhale owala mtundu kuti magazi aziwoneka msanga, mwaona nokha kuti sokosi ndi imene yaulula. Mafuta adzole pamwamba ndi kunsi koma osati pakati pa zala. Lezala asayandikire phazi lawo mpang'ono pomwe. Ngati amasuta, fodya akutsekeratu timitsempha totsalato. Ndipo mapazi aziyezedwa kuchipatala kosachepera kamodzi pachaka, akalowa mwa adokotala azivuliratu nsapato ndi masokosi osadikira kuuzidwa.

Ndikudziwa kuti kuuza bambo ako zochita nkovuta. Musawakalipire, awonetseni sokosi ija nkuwafunsa mwaulemu kuti bambo, ngati magazi awa anatuluka inu osamva, nanga china chikachitika mudzamva bwanji? Ambiri akafunsidwa choncho amavomera.

Kwa ena amene mukuwerenga nkumati ine dzanzi ndili nalo koma shuga ndilibe, kayezetseni kaye poti ambiri ali naye osadziwa. Dzanzi limabweranso ndi mowa wambiri, kuchepa kwa vitamini B12, kachilombo ka HIV, khate, komanso mankhwala a TB otchedwa isoniazid, nchifukwa chake amaperekera limodzi ndi vitamini B6. Musasiye mankhwala nokha, kauzeni amene anakupatsani.

FUNSO: Mwana wanga wa zaka 3 mapazi ake ndi ophwatalala, pakati paja palibe mpata. Apongozi akuti timugulire nsapato zapadera. Zoona?

YANKHO: Pa zaka 3 palibe chodetsa nkhawa mayi. Ana onse amabadwa ndi mapazi otero, pakatipo pamakhala mafuta ndipo mitsempha imakhala yofewa, kupindika kuja kumayamba kuoneka bwino cha m'ma zaka 6, ena mochedwerapo. Muuzeni aime chonyang'ama ndi zala, inu muyang'ane chakumbuyo, mukaona mpata ukuoneka ndiye kuti zonse zili bwino. Nsapato zapadera sizipanga mpata umenewu, umabwera wokha, ndipo akulu ambiri ali ndi mapazi ophwatalala moyo wawo wonse popanda vuto. Kamuonetseni pokhapokha ngati akudandaula ululu, akutsimphina, phazi ndi louma losapindika, kapena ndi limodzi lokha lotero.

FUNSO: Ine bambo wa zaka 51. Usiku wina ndinadzidzimuka chala chachikulu chakuphazi chikuwawa moti olo nsalu yofunda kukhudza ndimakuwa, mmawa chinali chitatupa, chofiira, chonyezimira. Sindinapunthwe pena paliponse. Patatha sabata zinatha zokha koma pano zabweranso. Akazi anga nawo ali ndi chotupa pamalo omwewo koma chawo ncholimba ndipo chala chinapindikira kwa zinzake. Ndi matenda amodzi?

YANKHO: Ayi bambo, malo ndi amodzi koma matenda ndi awiri. Anuwo akumveka ngati gauti. M'magazi mumakhala asidi wina, uric acid, amene impso zimayenera kumutaya, akachuluka amaundana nkukhala timibulu tosongoka molumikizana mafupa, ndipo amakonda tsinde la chala chachikulu. Zimayamba mwadzidzidzi, kawirikawiri usiku, ndipo zimagwira abambo kwambiri kuposa amayi. Mowa makamaka wa biya, nyama yofiira yambiri, zam'kati monga chiwindi ndi impso, zakumwa zotsekemera, kunenepa, ndi mapilitsi ena a BP okodzetsa aja, zonsezi zimamukweza, komanso zimayenda m'magazi a kubanja. Zikagwira, pumitsani phazi pamwamba, ikanipo ayisi wokulunga m'nsalu, imwani madzi ambiri, ndipo adokotala amapereka colchicine kapena mankhwala a gulu la ibuprofen malinga ndi mmene impso ndi mimba yanu zilili. Aspirin musamutenge ngati mankhwala a ululu umenewu. Poti zabwera kachiwiri, kayezetseni uric acid ndi impso, mwina mudzafunika allopurinol, amene amamwedwa tsiku lililonse olo musakumva kanthu, poti ntchito yake ndi kutsitsa asidiyo osati kuletsa ululu wa tsikulo. Gauti yolekerera imawononga mafupa ndi kubweretsa timiyala mu impso. Chenjezo limodzi, mfundo yotupa, yotentha, munthu nkumanjenjemera ndi kutentha thupi, itha kukhala ndi mafinya mkati, imeneyo ndi ya tsiku lomwelo.

Cha mayiwo ndi bunion. Si chotupa chenicheni, ndi mutu wa fupa lalitali lolunjika kuchala chachikulu lija umene wasunthira kumbali pomwe chala chapendekera kwa zinzake. Nthawi zambiri ndi chotengera kumakolo, nsapato zosongoka kutsogolo ndi za gogoda zimangokulitsa. Avale zotakata kutsogolo, tija toika pakati pa zala timachepetsa kukhulana koma sitiwongola fupa, amene akukuuzani kuti kachipangizo kake kawongola usiku umodzi akukunamizani. Chowongola ndi opaleshoni yokha, ndipo imachitidwa chifukwa cha ululu wolepheretsa kuyenda osati maonekedwe.

FUNSO: Adokotala ndinabinya phazi posewera mpira, linapindikira mkati, pakakolo patupa ndipo pada. Anzanga akuti ndilikoke nkulithowa ndi madzi otentha. Ndingadziwe bwanji ngati lathyoka?

YANKHO: Musalole munthu alikoke achimwene. Phazi likapindikira mkati chonchi imavulala ndi mitsempha yomanga mafupa ya mbali yakunja kwa kakolo, yakokeka kapena yang'ambika pang'ono, palibe chimene chaguluka choti nkubwezeretsa pokoka, ndipo ngati pali fupa losweka kukokako kuwonjezera. Madokotala a ku Ottawa ku Canada anakonza njira yapafupi yodziwira amene akufunika X-ray, ndipo imagwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri. Kodi munatha kuponda kanayi mutangovulala, olo motsimphina, ndipo pano mungathe? Dinani ndi chala kumbuyo ndi kunsonga kwa mafupa awiri otumphuka a pakakolo aja, lakunja ndi lamkati. Dinaninso pakafupa kotumphuka ka mmbali yakunja kwa phazi, chapakati, pomwe pathera fupa lalitali la kachala kakang'ono, ndi kena ka mbali yamkati kutsogolo pang'ono kwa kakolo. Ngati simungaponde kanayi, kapena pafupa penipenipo pakupweteka mukadina, kajambulitseni. Phazi likaoneka lokhota, lozizira kapena ladzanzi musayese nkomwe zimenezi, thamangani.

Ngati zonsezi palibe, masiku awiri kapena atatu oyamba pewani zotentha, kuthowa ndi kusisita mwamphamvu poti zimawonjezera kutupa. Ikani ayisi wokulunga m'nsalu kwa mphindi 15 mpaka 20 kangapo patsiku, mangani bandeji yotamuka mosathinitsa, ndipo pokhala kapena pogona phazi likhale pamwamba pa mapilo. Ululu ukangochepa yambani kupondako pang'ono ndi kuzunguza phazi, kuligoneka sabata zambiri kumaliumitsa. Kenako muziima ndi mwendo umodziwo, poyamba mutagwira khoma, kenako osagwira, kenako mutatsinzina. Anthu amazidumpha zimenezi, koma ndi zimene zimaphunzitsanso kakolo kudzigwira, ndipo amene amabwerera mubwalo asanachite amangobinyabinya pomwe pomwepo.

FUNSO: Zidendene zanga zili ndi ming'alu yoti pena imatuluka magazi, ndimapala ndi lezala koma khungu limabweranso lokhuthala. Komanso kunsi kwa phazi kuli kanthu kolimba kopweteka, sindikudziwa ngati ndi njerewere.

YANKHO: Achemwali, lezala muikeni pansi. Khungu limakhuthala podziteteza pomwe likupanikizika, mukalipala mozama limabwezera kukhuthala, ndipo tsiku lina mudzadzicheka. Kunsi kwa phazi kulibe timatumba totulutsa mafuta ngati khungu la kwina, nchifukwa chake kumauma msanga, nde mukaponda chidendene chimatambasuka, khungu loumalo nkung'ambika, makamaka ngati mumavala zotsegula kumbuyo. Mukatha kusamba khungu lili lofewa kwechani pang'ono ndi mwala wamapazi, osati mpaka kufiira, pukutani, pakani mafuta okhala ndi urea wa pakati pa 10 ndi 25 peresenti, kapena vaselini wambiri, nkuvala masokosi pogona, usiku uliwonse. Mng'alu wotuluka magazi utsukeni nkuuphimba mpaka utseke. Zikakanika kwa mwezi kayezetseni shuga ndi chithokomiro, komanso aone ngati si mafangasi, poti pali linyetsu lina louma limene limangoyeretsa kunsi konse kwa phazi osanyerenyetsa kwenikweni.

Kanthu kolimbako kayang'anitsitseni powala. Njerewere imakhala ndi timadontho takuda mkati, timizere ta khungu timaizungulira osadutsa pamwamba pake, ndipo imapweteka kwambiri mukaitsina mmbali. Imabwera ndi kachilombo ka HPV, zambiri zimatha zokha makamaka kwa ana ngakhale zimatha kutenga chaka kapena ziwiri, ndipo mankhwala opaka a salicylic acid tsiku lililonse kwa sabata mpaka 12 amathandiza. Ngati ndi khungu longoundana chifukwa chopanikizika, timizere timadutsa pamwamba, pakati pamakhala kamtima kolimba, ndipo kamapweteka mukadina molunjika, kameneko sikatha mpaka mutasintha nsapato kapena kuika kofewa pamalopo. Ngati muli ndi shuga kapena magazi sayenda bwino m'miyendo, salicylic acid musamugwiritse ntchito, amadya khungu. Ndipo kadontho kakuda kapena kabulauni kunsi kwa phazi kapena pansi pa chikhadabo kamene kakukula, kusintha maonekedwe kapena kutuluka magazi musakayese njerewere, khansa ya pakhungu yotchedwa melanoma kwa anthu akhungu lakuda imakonda kumera malo amenewa, kaonetseni kwa adokotala sabata yomweyo.